Tsiku Limene Ndinagwira Mwendo wa Apongozi

Tinanyamuka ku Ndunde Lachiwiri m'mamawa, mame adakali pa udzu, chaka chachiwiri itatha njala yaikulu ija. Tinalipo atatu: ine, mlamu wanga Agata yemwe ndi mkulu wake wa mkazi wanga, ndi apongozi anga aakazi, aNangondo, eni ake a ulendowo. Tinali ndi njinga yanga imene ndinagula nditabwera ku usilikali, ndipo Agata anasenza mtanga wa ufa, nandolo ndi kamphika, poti kuchipatala wodwala amaphikiridwa ndi abale ake. Mkazi wanga Rozina anatsala chifukwa anali atangochira kumene, mwana asanatuluke n'komwe m'chikuta.

Tinkapita ku chipatala cha mishoni, kupitirira Mbombwe, kukaonetsa mwendo wamanzere wa apongozi. Mitsempha ya mwendowo inali itatupa kwa zaka zambiri, kuyambira masiku amene ankaimirira tsiku lonse kusankha fodya ku Magomero, ndipo mimba zisanu ndi zinayi zinangowonjezera. Inapotana pakatumba ngati mizu ya mkuyu, ndipo cha pakakolo panabuka chilonda cha njinda. Izitu ndikunena zongomva kwa Rozina. Ine mwendowo ndinali ndisanauonepo, ndipo ndikanauona bwanji? Zaka zisanu ndi chimodzi ndinali nditakhala pachikamwini m'mudzi mwawo, koma apongozi ndi ine sitinayang'anizanepo kumaso, sitinadyerepo pamodzi, ndipo mawu athu ankadzera mwa munthu wachitatu ngakhale titakhala pabwalo limodzi. Kwathu ulemu ndi umenewo, ndipo ine ndinkausunga monyadira.

Mankhwala achikuda anayesa onse. Anathowa ndi masamba otentha, anamanga makungwa osinja, analumika ndi nyanga kuti magazi oipa atuluke. Ndisaname, kuthowa kuja kunkathandiza, ululu unkaleka n'kugonako tulo. Koma chilonda chinkapola mwezi uno, mwezi wamawa chatumbukanso. Za kuchipatala ankakana kwamtuwagalu. Msuweni wawo wina anabwerako ndi mwendo umodzi, ndipo anthu anaiwala msanga kuti munthuyo anapondedwa ndi ngolo, anangogwira kuti azungu amadula. Apongozi ankati kuli bwino akalowe m'manda ndi miyendo yawo yonse iwiri, ngakhale umodzi uli wowola.

Amene anawatembenuza mtima anali sing'anga wawo yemwe, bambo wina wachilungamo wa kuseri kwa dambo. Atauyang'ana mtsemphawo anabweza lumo lake m'thumba, amvekere, "Uwu sinditema ine, wadzadza kwambiri. Pitani nawo kwa asisitere." Pamenepo inenso ndinapezerapo mwayi. Kunkhondo ku Bama ntchito yanga inali yonyamula ovulala pamachila, choncho m'mudzimo ndinkadziyesa dokotala ndithu. Ndinatuma Rozina kukawauza amayi ake kuti ine ndalumbira, mwendo sakadula. Ndinalumbirira chinthu chimene sichinali m'manja mwanga, ndipo m'mawa umenewo lumbirolo linkandilemera kuposa katundu yense.

Kuwapalasira sikukanatheka, chifukwa akanayenera kundigwira m'chiuno. Ndiye ndinaganiza nzeru: iwo akhale pakaliyala pa chiguduli chopinda, ine ndizikankha njinga maso ali kutsogolo, Agata aziyenda pambali kuwagwirizira. Motero apongozi anali kumbuyo kwanga ulendo wonse, osaonana, mwambo uli chilili. Nzeru imeneyi ndinadzitama nayo kwa aliyense amene tinakumana naye potuluka m'mudzi.

Titayenda pang'ono ndinati, "Alamu, tawafunsani amayi ngati akhala bwino."

"Amayi, akuti mwakhala bwino?"

"Uwauze ndakhala bwino," anayankha apongozi, mawu akutuluka kuseri kwa khutu langa lenilenilo. "Koma asamalondole miyala ngati akuifuna."

"Alamu, akuti..."

"Ndamva."

"Mwamva bwanji ine ndisananene? Makutu amwanotu amenewo," anatero Agata, n'kuseka mpaka mtanga kugwedera pamutu. Agata ndi ine tinali apachilamu enieni, tsiku silinkatha tisanatolane.

Dzuwa litakwera cha m'ma eyiti koloko tinapuma pamudzi wina pamene mayi wina ankagulitsa thobwa, chipanda chimodzi kobiri. Ine ndinatenga changa n'kukamwera kuseri kwa nkhokwe, pamodzi ndi chinangwa chophika chimene Rozina anandimangira, kuti apongozi adye momasuka. Ndili komweko ndinamva mayi wa thobwa uja atayamba udokotala wake.

"Misempha imeneyi, amayi, mankhwala ake ndi mafuta a nsato basi. Kuchipatala mukukatani? Kuli macheka kumene kuja, aatali chonchi. Wina wa kwa mchemwali wanga anapita ndi chala chokha, anabwera alibe phazi."

Ndinaika chipanda pansi. Miyezi itatu ndakhala ndikunyengerera, munthu wina aphwasule zonse pa kobiri limodzi! Ndinatsokomola mwamphamvu, n'kuliza belu la njinga ngati kwabwera moto. Titanyamuka, apongozi analeka ngakhale kudandaula za miyala.

Njira ya kumeneko ndi yokwera ndi kutsika, yodutsa m'minda ya nandolo amene nthawi imeneyo anali atauma, akulira tsekechetsekeche ndi mphepo. Phiri la Chiradzulu linali kudzanja lathu lamanja, likuoneka ngati likuyenda nafe. Pokwera zitunda thukuta linkandilowa m'maso, potsika ndinkakanirira ndi zidendene kuti njinga isandithawe ndi apongozi. Aliyense wodziwa kukankha njinga yolemera andimvetsa: mkono wamanja umafa dzanzi, ndipo pedulo imakumenya pamsongolo pomwepomwepo.

Tinafika pa Mbombwe dzuwa likuyandikira pamutu. Tchalitchi chawo chanjerwa chimaonekera patali, ndipo ngakhale ife ndife Akatolika, ndinavula chipewa podutsa. Pakhonde la sitolo ina panali telala akupalasa makina ake, bambo wamfupi wadazi. Ataona nsanza zimene zinakulungidwa pamwendo wa apongozi anaimitsa makina.

"Misempha eti? Musaope, amayi. Inenso ndinali nayo, ntchito yathuyi ndi yokhala pansi tsiku lonse." Anapinda buluku lake mpaka m'bondo n'kumuonetsa Agata. "Onani. Ing'onoing'onoyi anaibaya jakisoni, inauma yokha. Waukuluwo anandicheka pang'ono chabe kumtunda kuno, n'kuumanga ndi ulusi monga ndimangira batani. Mwendo si uwu? Ndimapalasa nawo mpaka dzuwa kulowa."

Ndinafuna kum'kumbatira munthu ameneyo. Ndinagula nthochi za tiki, makobiri atatu, pamenepo, n'kumupatsako zinayi. Koma titapitirira pang'ono ndinamva kumbuyo kwanga apongozi akuuza Agata chapansipansi, "Telala ndi wokhulupirika? Munthu woti tsiku lililonse amati malaya anu mudzatenge mawa."

Kuchoka pa Mbombwe tinatsata kanjira kachidule kamene telala uja anatilozera, kotsikira kumtsinje wina waung'ono n'kukatulukira mumsewu wa magalimoto kutsidya. Gombe lake linali lotsetsereka, choncho apongozi anayenera kutsika panjinga kuti awoloke ndi miyendo yawo. Ine ndinayamba ndine, njinga ili paphewa, n'kulowera chakumunsi pang'ono kumene kunali mchenga, kuti iwo akwinye nsalu yawo popanda maso anga. Madzi anali ofika m'misongolo. Ndili pakati pa mtsinje ndinamva Agata akukuwa.

"Mayo ine! Magazi! Alamu, magazi!"

Apa ndiye pamene ndimachita manyazi ndikamafotokoza. Sindinacheuke. Ndinaima chilili m'madzimo, njinga ili paphewa, nkhope ili kutsidya, n'kuyamba kufunsa mafunso ngati mphunzitsi wa katekisimu.

"Akuchokera pati?"

"Pamsempha! Waphulika!"

"Akutuluka modumphadumpha kapena akungothamanga?"

"Akungothamanga ngati mtsuko wabooka! Akuda bii!"

Ndinadziwa pomwepo chochita, pakuti zimenezi anatiphunzitsa mobwerezabwereza ku usilikali. Magazi otero sachedwa kuleka: m'goneke munthu chagada, kweza mwendo upose mtima, sindikiza pabalapo ndi nsalu. Ndinafuula, "Agonekeni pamchenga! Mukweze mwendo m'mwamba, musindikize ndi chala!"

Ndipo Agata, mwa chizolowezi, anati, "Amayi, akuti mugone, mukweze mwendo."

"Ndikweze mwendo panjira, akamwini ali pomwepa?" anatero apongozi. "Wapenga iwe? Uwauze apite kutali."

Anakhala pamwala, mwendo uli lende m'madzi. Agata, poona kuti amayi ake akana, anachita zimene ankadziwa iye: anavula mpango kumutu n'kumanga pamwamba pa bondo monga tichitira njoka ikaluma munthu. Anandiuza yekha akulira kuti wamanga. Ndinadziwa kuti walakwitsa, chifukwa kumanga kotero, kosafika pothina penipeni, kumatseka njira yoti magazi abwerere kumtunda, ndiye onse amathamangira pabala.

"Masulani, alamu! Masulani msanga!"

"Iyayi! Ndikamasula atha onse!"

"Ndikuti masulani!"

"Nanga akuchulukira chiyani? Alamu, akuchuluka!"

Ndinali ndikukalipira mitengo ya tsidya lija, munthu wamkulu ndi ndevu zanga. Kenaka ndinazindikira kuti apongozi asiya kuyankha. Ndinaweramitsa mutu, ndipo ndinaona madzi amene ankadutsa pakati pa miyendo yanga atasanduka ofiira. Njinga ndinaiponya m'madzi momwemo, n'kutembenuka.

Anali atatsamira pa Agata, mutu uli khoba, milomo itatuwa. Ndinawanyamula, ndipo anapepuka ngati mtolo wa mapesi. Ndinawagoneka pamchenga, n'kumasula mpango uja, n'kuika chidendene chawo paphewa panga. Ndinavula malaya, n'kuwapinda, n'kusindikiza pabalapo ndi chala chachikulu. Agata ndinamuuza kuti akokere nsalu yawo m'maondo n'kuipanira bwino, ndipo ulendo uno anamva osabwereza mawu anga kwa wina aliyense.

Pamenepo ndi pamene ndinauona mwendo umene ndinaulumbirira uja. Nsanza zinali zitasomphoka, ndipo m'mbali mwa mtsempha waukulu munali mphini zatsopano zisanu ndi imodzi, zakuda ndi mankhwala. Yachitatu inali pamtsempha penipeni, ndipo ndi imene inatseguka.

"Izi watema ndani?"

Agata anayang'ana kumbali. "Ndinapita nawo dzulo madzulo kwa agogo ena a kutsidya. Anati ndi zoteteza, kuti mpeni wa mzungu ukafike pamwendopo n'kubuntha."

"Sing'anga wakana ndi maso ake, inu n'kukapeza wina wotema?"

"Nanga ankaopatu, alamu. Anati popanda zimenezi sakwera njinga."

Mawu amene anandifika pakamwa sindingawalembe pano. Ndinawameza, chifukwa ndinakumbukira kuti inenso ndangotaya nthawi ndikuyang'ana mitengo. Ndinayamba kupemphera kolona chamumtima kuti ndidziwe kutalika kwa nthawi, chala chili pomwepo. Ndisanamalize chigawo chachiwiri malaya analeka kunyowa. Ndinayembekezabe, osayerekeza kusuzumira. Apongozi anatsegula maso, ndipo tinayang'anana koyamba chikwatirire mwana wawo. Ndinadabwa kuona nkhope ya Rozina yeniyeni, ndi kanjira komwe ka pakati pa mano. Iwo anatambasula dzanja, n'kutola mpango uja, n'kudziphimba kumaso. Nditaona kuti manyazi abwerera ndinadziwa kuti moyo wabwereranso.

Amayi atatu amene ankabwera kudzachapa anatipeza tili chomwecho, ine wopanda malaya, phazi la munthu wamkulu lili paphewa.

"Pepani, pepani. Ndi mwana wawo ameneyu?" anafunsa mmodzi.

"Ndi mkamwini," anayankha Agata, amene pakamwa pake sipadziwa kusunga kanthu.

"Aaa! Malodza!"

"Malodza ake ati?" anatero wamkulu mwa iwo, akutula dengu lake. "Mukanakonda maliro? Tiyeni tithandize apa." Mayi ameneyo anang'amba nsalu yake yoberekera, ndipo tinakulunga mwendowo mothina bwino kuyambira kuphazi mpaka kubondo, malaya anga ali mkati momwemo. Anayi tinawanyamula apongozi kuwolotsa mtsinje mpaka mumsewu, phazi lili m'mwamba. Njinga ndinakaivuula pambuyo, ikutuluka madzi m'mapaipi.

Cha m'ma wanu koloko kunatulukira lole ya Mmwenye wina, itadzaza matumba a nandolo opita ku Limbe. Ndinaima pakati pa msewu manja ali m'mwamba. Dalaivala wake, Myao wachikulire wovala kofiya, anasuzumira n'kupukusa mutu.

"Magazi pamatumba a bwana iyayi, achimwene. Andichotsa ntchito."

"Aleka kale, taonani nokha. Tiyala masamba a nthochi."

Anayang'ana apongozi, n'kuyang'ana ine wopanda malayane. "Chabwino. Awirinu sikisi sikisi, makobiri asanu ndi limodzi aliyense, njinga tiki. Odwalawo asalipire, nanenso ndili ndi amayi."

Tinawagoneka pamwamba pa matumba, mwendo titausanjikira matumba awiri. Msewu unali wa mabampu okhaokha, ndiye ndinakhala chogwada, dzanja lili pabala paja, maso ali kuphiri. Fumbi linkatimwaza, Agata akupemphera mokweza, kamphika kakulira m'mtanga. Dalaivala uja anapatuka msewu wake n'kutifikitsa pakhomo penipeni pa chipatala, ndipo sanafune kuwonjezera kanthu.

Chipatalacho ndi nyumba zazitali zanjerwa zamakonde, ndipo kuseri kwake pansi pa mitengo ya bulugama pali mafuwa ambirimbiri a anthu odikirira odwala awo. Fungo la mankhwala limakulonjera usanalowe. Anatilandira bambo wina wotsuka zilonda, dzina lake a Damiyano, n'kuitana asisitere achizungu amene ankayankhula Chinyanja chopindika koma chomveka. Atawalowetsa apongozi m'chipinda, ine ndinatsala pakhonde n'kukhala pansi pa zenera. Mwambo unali utabwerera m'malo mwake, ndipo nawo mantha anga anabwerera. Magazi ndaletsa, inde, koma nanga chilonda chija ndinachiona ndi maso anga, chakuya, chonunkha. Akati adule, ndikaonekera bwanji ku Ndunde? Ndikamuuza chiyani Rozina?

Mkatimo munali zii, kumangomveka madzi m'beseni ndi lumo likudula nsanza. Kenaka ndinamva mawu a apongozi, aang'ono ngati a mwana.

"Mudula liti?"

"Tidule chiyani, amayi?" anafunsa asisitere aja.

"Mwendowu."

"Iyayi! Mwendo uwu uli ndi moyo. Gwedezani zala. Mwaona? Phazi likutentha bwino. Ife sitidula mwendo wamoyo. Mwendo uwu watopa basi."

Ndinaika nkhope m'manja, ndipo misozi inatuluka yokha, ine amene ndinanyamula anthu oduka ziwalo ku Bama osagwetsa ndi dontho lomwe. Mayi wina wodutsa ndi mtolo wa nkhuni anaima n'kundipepesa, kuyesa kuti kwagwa zovuta. Ndinamuuza kuti ayi, zinthu zili bwino, iye n'kuchoka akundicheukira ngati wamisala.

A Damiyano anatuluka n'kukhala nane pakhondepo kundifotokozera. Apongozi agona milungu itatu kapena inayi pabedi lokweza kumiyendo ndi njerwa. Chilonda azichitsuka m'mawa uliwonse, mwendo n'kuukulunga ndi bandeji yothina kuyambira kuzala mpaka kubondo. Chikapola, dokotala adzaona ngati n'koyenera kuumanga mtsempha waukuluwo, monga ananenera telala uja. Akabwerera kumudzi, bandeji asaisiye, ndipo akamapuma azisanjika phazi pamtondo.

"Za kuthowa ndi masamba ife sitikangana nazo," anatero a Damiyano. "Koma lumo pamsempha wotupa, ndiye ayi. Chaka chino ndaona awiri amene anafika kuno atazizira kale. Wasindikiza pabala paja ndani?"

"Ndine," ndinayankha, chifuwa chikukwera pang'ono.

"Mwachita bwino. Nanga kuchokera ku Ndunde mwabwera nawo bwanji?"

Ndinawafotokozera nzeru yanga ya kaliyala ija, mwatsatanetsatane. A Damiyano anapukusa mutu.

"Ndiye kuti kuyambira m'mamawa mpaka masana mwendo unali lende, ukugwedezeka padzuwa? Bambo, msempha umenewo mwaupopa nokha ngati tayala. Munthu wonyamula machila kunkhondo, osaganiza zowagoneka pamachila?"

Machila amafuna amuna awiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, ndipo wakumbuyo amayang'ana wodwala ulendo wonse. Ndinali nditaziganizira ndithu zimenezo kumudzi, n'kuzikana pa chifukwa chomwecho. Chifuwa chija chinaphwa, ndipo mlandu umene ndinakonzeka kukamuimba Agata kumudzi ndinangoti ndi wa tonse.

Dzuwa litapendeka Agata anatuluka kudzatenga mtanga kuti akapeze mafuwa. Anaima patsogolo panga manja ali m'chiuno.

"Amayi akuti ndikuuzeni."

"Akuti bwanji?"

"Akuti malaya anu musawafunse. Adzachapa okha akadzuka."

Mawu ake anali omwewo basi, koma ine ndinawamva bwino lomwe. A Damiyano anandibwereka malaya akale, ndinagona pakhonde la achibale, ndipo m'mawa mwake ndinadzoza tcheni mafuta n'kupalasa kubwerera ku Ndunde. Njira imene inatidyera theka la tsiku ndinaidula dzuwa lisanatenthe. Rozina anandiona ndikulowa m'mudzi ndi malaya achilendo, n'kuimirira pakhomo mwana ali m'manja. Ndinafuula ndisanatsike n'komwe panjinga kuti mwendo ulipo, sadula.

Nkhani ya kumtsinje inafika m'mudzi patangopita masiku awiri, poti mawu alibe kaliyala koma amathamanga kuposa njinga. Amalume ake a Rozina anandiitanitsa, n'kunena kuti zimene ndinachita n'zabwino koma n'zosayenera, choncho ndipereke nkhuku. Ndinapereka tambala wamkulu mosanyinyirika, ndipo anadya iwo omwewo. Chimene ndinatolapo pa ulendowu n'chakuti ulemu ndi chinthu chabwino, sindidzausiya, koma tsiku lija unandiimika m'madzi nditafulatira munthu akutha magazi, ine n'kumayesa kuti ndikuchita bwino. Mpaka lero ndikawoloka mtsinje ndimayang'ana madzi a pamapazi anga.

Apongozi anatuluka m'chipatala patatha mwezi ndi sabata, mtsempha atawamanga, chilonda chitatsala chipsera. Anabwera pa ngolo ya mishoni ine ndili kudimba, ndipo madzulo ndinapeza malaya anga ali pamphasa, ochapa, opinda bwino, banga la magazi likuoneka pang'ono chabe. M'mawa mwake ndikupita kumunda, khasu lili paphewa, ndinawaona akubwera m'kanjira komweko kuchokera kuchitsime, ndowa ili pamutu, bandeji ikuyera mbee pamwendo. Ndinaganiza kuti pambuyo pa zonse zija mwina lero tipatsana moni, ndipo ndinayamba kukonza mawu pakamwa.

Atangondizindikira anapatuka, monga achitira apongozi aliyense akakumana ndi mkamwini panjira. Anadumpha ngalande, n'kukwera mzere, n'kulowa m'munda wa chinangwa chothamanga, madzi osatayika ndi dontho lomwe. Ine ndinatsala m'njira ndekha ndikuseka, n'kumawerenga mapazi awo pa dothi lonyowa, lamanja ndi lamanzere, onse awiri oponda mofanana.